Lipoti la ntchito: kusankha masoketi m'labotale yomwe inali ndi magetsi amitundumitundu

Anandiitana ku labotale ina ngati mmisiri wa magetsi chifukwa cha sikelo yomwe inapsa. Labotaleyi ili mu mzinda wa Blantyre, ndipo ntchito yake ndi kuyeza dothi, miyala ya misewu ndi konkire ya makontilakita. Sikeloyo inali ya ku America, yodya 120 V, ina mwa katundu yemwe anabwera ngati thandizo zaka zapitazo. Mnyamata wina wongoyamba kumene ntchito anaisamutsira pa tebulo lina, napeza soketi yomwe pulagi yake inalowa bwinobwino, nayatsa. Inangoti phu, kautsi pang'ono, basi. Akuluakulu a pamalopo amafuna ndilembe kuti wolakwa ndi mnyamatayo ndiponso ndiwapezere sikelo ina. Nditayendera zipinda zonse ndinakana kulemba zimenezo, ndipo lipotili likufotokoza chifukwa chake komanso zomwe tinasintha.

Zomwe ndinapeza

M'nyumba imodziyo munali magetsi amitundu isanu. Oyamba ndi a masiku onse a ESCOM, 230 V pa 50 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa maulendo omwe magetsi amapita n'kubwerera pa sekondi imodzi). Achiwiri ndi a three phase, a mawaya atatu amoto, 400 V, a makina ophwanyira konkire ndi ng'anjo. Achitatu ndi a UPS ya 6 kVA (bokosi la mabatire lomwe limapitiriza kupereka moto magetsi akathima) yotetezera makompyuta ndi masikelo. Achinayi ndi a thiransifoma yachikasu ya 110 V, ija ya pa malo omangira, yomwe amayendetsera makina obowola konkire. Achisanu ndi a kathiransifoma kena kotsitsa magetsi kuchoka pa 230 V kufika pa 120 V, ka katundu wa ku America uja. Kuwonjezera apo pali jenereta yomwe imalandira nyumba yonse magetsi akathima.

Magetsi asanu, koma pa matebulo soketi inali yamtundu umodzi: ija ya mabowo ambiri yolandira pulagi iliyonse, yomwe m'masitolo amaitchula kuti universal. Ya 230 V ndi ya 120 V zinali zoyandikana, zoyera zonse, zofanana ngati mapasa. Chosiyanitsa chinali kapepala kolembedwa ndi bolopeni, komatidwa ndi selotepi, ndipo pa soketi yomwe inaotcha sikelo kapepalako kanali katagwa kalekale. Nanga mnyamatayo akanadziwa bwanji? Pulagi inalowa popanda kukakamiza, ndipo kwa munthu aliyense pulagi ikalowa ndiye kuti ndi pake.

Soketi za universal ndimadana nazo, sindibisa. Kuti bowo limodzi lilandire dzino lozungulira, lafulati ndi lamakona anayi, zitsulo zake za mkati sizigwira dzino lililonse mokwanira. Pulagi imakhala khwekhwerere, pogundana pamakhala pochepa, ndiye pamatentha. Choipitsitsa n'chakuti pulagi ya ku Germany, ija yotchedwa Schuko, earth yake (njira yotayira magetsi pansi kuti munthu asagwidwe ndi nyesi) ili m'mbali, pa tizitsulo tiwiri, osati pa dzino. Mukailowetsa mu universal makina amayaka ndithu, koma alibe earth. Ndinapeza makina awiri a chitsulo ali choncho, ena mwa iwo ali pafupi ndi sinki.

Uvuni woumitsira dothi unali ndi vuto lake. Ndi wa 3 kW, kutanthauza kuti pa 230 V umakoka pafupifupi 13 A, ndendende malire a pulagi yathu ya mano atatu ya BS 1363. Ketulo imakoka zambiri kwa mphindi zitatu n'kuzima. Uvuniwu umakhala choyaka usiku wonse pa 105 mpaka 110 °C, chifukwa dothi liyenera kuuma mpaka kulemera kwake kusiye kusintha. Nditazula pulagi yake, pulasitiki yozungulira dzino la fyuzi inali yabulauni ngati chigumu chopserera, ndipo imanunkha. Mayi woyang'anira labotale anandiuza kuti amasintha pulagi imeneyo pafupipafupi, amangoganiza kuti mapulagi a masiku ano ndi osalimba.

Ku UPS nkhani yake inali yoseketsa koma yomvetsa chisoni. Antchito anazindikira kuti magetsi akathima, masoketi a pakona ya kompyuta amakhalabe ndi moto jenereta isanalire. Ndiye ketulo ya tiyi inapeza kwawo kumeneko. Ketulo ya 2 kW ndi pafupifupi 9 A, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yonse ya UPS. Mabatire amatha msanga, makompyuta n'kuzima pakati pa ntchito, ndipo aliyense amanena kuti UPS yakalamba.

Mfundo yomwe tinayendera

Tisanagule kalikonse ndinakhala pansi ndi mayi woyang'anira uja ndi mkulu wa zogulagula. Iwo amafuna tingosindikiza zikwangwani zazikulu zofiira. Ndinawauza kuti, "Mayi, chikwangwani chimagwira ntchito munthu akachiwerenga. Nanga ali pa changu, kapena magetsi athima muli mdima? Tiyeni tipange zoti pulagi yolakwika ikanike kulowa, ngakhale munthu atayesetsa bwanji." Mtundu uliwonse wa magetsi ukhale ndi soketi yakeyake yomwe sigwirizana ndi inzake. Utoto ndi zolembalemba zibwere pambuyo, zothandizira chabe.

Chachiwiri tinalemba makina onse, amodziamodzi, kuchokera pa kambale kachitsulo ka kumbuyo kwake: mavolti, ma amp, ma Hz, ngati akufuna neutral (waya wobwererapo magetsi), ngati amayaka nthawi yayitali, ngati ali ponyowa. Ntchito yotopetsa, inatidyera tsiku lathunthu tikukwawa kuseri kwa matebulo, koma mavuto awiri akuluakulu tinawatulukira pomwepo.

Three phase: mano anayi kapena asanu

Kwa makina akuluakulu palibe chifukwa choyerekeza nzeru zatsopano. Muyezo wa IEC 60309, mapulagi ozungulira a m'mafakitale aja, unathetsa kale nkhaniyi. Utoto umanena mavolti: wachikasu 100 mpaka 130 V, wabuluu 200 mpaka 250 V, wofiira 380 mpaka 480 V. Koma chomwe chimaletsa kusokoneza si utoto ayi, ndi malo a dzino la earth. Mukayang'ana nkhope ya soketi, kamphako kotsogolera pulagi kali pansi, bowo la earth limakhala pa malo ena ngati dzanja la wotchi. Yabuluu ya 230 V ili pa 6 koloko, yachikasu ya 110 V ili pa 4 koloko. Dzino la earth ndi lonenepa kuposa enawo, choncho simungaitembenuze n'kuilowetsa mwina. Kukula kwa thupi lake kumasiyananso malinga ndi ma amp: 16, 32, 63 ndi 125.

Vuto loyamba linali pa ng'anjo yotenthetsera zitsanzo. Inali pa soketi yofiira ya mano anayi, ma phase atatu ndi earth, yopanda neutral. Koma kabokosi kowongolera kutentha ka ng'anjoyo kamadya 230 V, kotero kamafuna neutral. Yemwe analumikiza kale, atasowa neutral, anangotenga waya wabuluu wa kabokosiko n'kuumanga pa earth. Zimagwira ntchito, n'chifukwa chake palibe anadandaula. Koma ndiye kuti waya wa earth umayenda magetsi tsiku lililonse, ndipo tsiku lomwe ukanamasuka ku pulagi, thupi lonse la ng'anjo likanakhala ndi nyesi kudzera mu kabokosi kaja. Tinakoka kebulo yatsopano ya mawaya asanu n'kuika soketi ya mano asanu ya 32 A. Kuyambira pamenepo ndinaganiza kuti masoketi onse ofiira m'nyumbamo akhale a mano asanu, ngakhale a makina osafuna neutral, kuti mawa kukabwera makina ena pasadzakhalenso wina wobwereka earth.

Makina ophwanyira konkire a 2000 kN ali ndi pampu ya mafuta yoyendetsedwa ndi mota ya three phase. Mota yotere imazungulira motsatira ndondomeko ya ma phase. Masoketi awiri ofiira a m'chipindamo anali olumikizidwa mosiyana, ndiye makinawo akasamutsidwa pa soketi ina pampu imazungulira chobwerera ndipo mafuta samakwera. Ndi kachipangizo koyezera kazunguliridwe ka ma phase tinakonza masoketi onse kuti afanane, kenako tinayezanso jenereta ikulira. Masoketi onsewa tinasankha okhala ndi swichi yokhoma: simungazule pulagi swichi ili yoyatsa, simungayatse pulagi isanalowe.

Uvuni wa dothi uja tinauchotsa pa pulagi ya 13 A, tinaupatsa yabuluu ya 16 A ndi mzere wakewake kuchokera ku DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba. Thanki yonyikamo timabokosi ta konkire ta 150 mm, tomwe timadikira masiku 7 ndi 28 tisanaphwanyidwe, ili ndi hita yake ndipo pansi pake sipauma. Apo tinaika yabuluu ya IP67, yosalowa madzi, ija ya chivindikiro chopotokola, osati ya IP44 yomwe imangoteteza ku madzi othovukira.

Nkhani ya 110 ndi 120

Apa ndi pomwe ndinachedwapo kwambiri, ndipo ndi pomwe amisiri anzanga ambiri amaphonya. Poyamba ndinaganiza zongoika masoketi achikasu a 4 koloko pa zonse za 110 V ndi 120 V. Mavolti ake ali m'malire amodzi, utoto umodzi, nkhani yatha. Koma magetsi awiriwa ndi osiyana mkati mwake.

Thiransifoma yachikasu ya pa malo omangira imalumikizidwa ku earth pakatikati pa koyilo yake. Waya uliwonse uli ndi 55 V poyerekeza ndi earth, ndipo pakati pa mawaya awiriwo ndi pomwe pali 110 V. Anaipanga dala choncho kuti munthu akagwidwa ndi nyesi akumane ndi 55 V yokha. Ilibe neutral, mawaya onse awiri ndi amoto. Makina a ku America amayembekezera zina: waya umodzi wa 120 V, wina neutral womwe uli pafupifupi 0 V. Swichi ndi fyuzi yake zili pa waya umodzi wokha. Mukawaika pa thiransifoma yachikasu, muzimitsa swichi koma mkati mukhalabe 55 V, ndipo chikashota ku mbali yopanda fyuzi, fyuziyo siithandiza.

Kenako pali ma Hz. Thiransifoma imasintha mavolti basi, ma Hz imawasiya momwe abwerera. Ku America ndi 60 Hz, kuno ndi 50 Hz. Sikelo ndi zipangizo zina zokhala ndi chaja ya makono sizisamala zimenezi, zambiri zimalembedwa 50/60 Hz. Koma makina ogwedeza masefa a miyala anali ndi mota ya 60 Hz yokha. Mota ya mapolo anayi, yomwe pa 60 Hz imathamangira ku 1800 pa mphindi, pa 50 Hz imathamangira ku 1500. Ndiye kuti masefa amagwedezeka pang'onopang'ono kusiyana ndi momwe opanga anafunira, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, komanso mota imatentha chifukwa mavolti omwewo pa ma Hz ochepa amakhutitsa chitsulo chake mopitirira. Antchito anali atazolowera kuipumitsa pakati pa ntchito kuti izizire. Kwa labotale yomwe imakonzekera kuunikidwa pa muyezo wa malabotale oyeza zinthu wa ISO/IEC 17025, ili silinali vuto la magetsi lokha. Linakhudza zotsatira zomwe amasainira makontilakita.

Tinagwirizana zogula kachipangizo kosintha ma Hz, kotulutsa 120 V pa 60 Hz, neutral yake yomangidwa ku earth potulukira. Apa panabuka funso la soketi. Yachikasu ya IEC 60309 siisiyanitsa 50 Hz ndi 60 Hz, komanso siisiyanitsa thiransifoma ya 55 ndi 55 ndi magetsi okhala ndi neutral. Tikanaika yachikasu konsekonse tikanabwerera pomwe tinayambira, mapasa awiri a mitima yosiyana. Choncho yachikasu tinaisiyira thiransifoma ya makina obowola okha. Magetsi a 120 V 60 Hz tinawapatsa soketi ya kwawo ku America, NEMA L5-20, ija mumalowetsa n'kupotokola kuti ikhome. Sitinatenge ya mano afulati wamba ya NEMA 5-15 chifukwa pulagi yake ndi yomwe imalowa mu universal ndi mu adaputa aliyense wa pamsika. Ya L5-20 mano ake ndi opindika, palibe bowo lina m'nyumbamo lomwe angalowemo. Mapulagi onse afulati a makina odya 120 V okha tinawadula.

Podula mapulagiwo ndinaimitsa mnyamata wondithandiza ntchito dzanja lili m'mwamba. Pa chingwe cha ku America waya wakuda ndi wamoto, woyera ndi neutral, wobiriwira ndi earth. M'nyumba zathu zakale, zomwe zinalumikizidwa ndi mitundu yakale ya ku Britain, wofiira ndi wamoto ndipo wakuda ndi neutral. M'mitundu yatsopano wamoto ndi wabulauni, neutral ndi wabuluu, ndipo wakuda ndi phase yachiwiri ya three phase. Labotaleyi inali ndi mitundu itatu yonseyi. Waya wakuda mmenemo umatanthauza zinthu zitatu malinga ndi komwe mwaupeza. Ndinamuuza kuti, "Iwe, m'nyumba muno usakhulupirire utoto, yeza kaye."

UPS ndi ketulo

Pa UPS panali njira ziwiri. Pali mapulagi a 13 A ooneka ngati athu koma dzino la earth lili ngati chilembo cha T, ochokera ku Britain. Ubwino wake ali ndi fyuzi mkati. Palinso ofiira a ku South Africa a muyezo wa SANS 164-4, a mano ozungulira, omwe dzino lawo la earth linasemedwa kukhala lafulati pamwamba. Soketi yake imakana pulagi wamba ya mano ozungulira, ndipo yathu ya mano amakona ndiye siiyandikirako n'komwe.

Ndinasankha ofiirawo pa chifukwa chimodzi: kupezeka kwake. Katundu wa ku Johannesburg amafika kuno mosavuta, ndipo soketi yapadera yomwe pulagi yake siipezeka imathera pa mavuto. Tsiku lobwera kompyuta yatsopano, munthu akasowa pulagi yoyenera, amazula soketi yapadera n'kubwezeretsa wamba, kapena amasomeka mawaya m'mabowo ndi timitengo ta machesi. Tinagula mapulagi opitirira chiwerengero cha masoketi, otsalawo ali mu kabati ya mayi woyang'anira.

Kusankha kumeneku kunali ndi mtengo wake. Pulagi ya BS 1363, yomwe inayamba mu 1947, inapangidwa ndi fyuzi chifukwa mzere wa masoketi wozungulira umatetezedwa ndi buleka ya 32 A, yayikulu kwambiri kuti iteteze kachingwe kowonda ka kompyuta. Pulagi ya ku South Africa ilibe fyuzi. Kuika masoketi ofiira pa mzere wakale wa 32 A kukanakhala kulakwitsa. Tinadula mzerewo, tinapanga mizere itatu yolunjika, uliwonse ndi buleka yake ya 10 A. Makompyuta ndi masikelo sakoka zambiri, 10 A ndi yokwanira, ndipo wina akadzapala dzino la pulagi wamba ndi fayilo kuti ilowe, monga ena amachitira, ketulo pamodzi ndi makompyuta zidzagwetsa buleka ya mzere umodzi wokha m'malo momaliza mabatire a onse. Ketuloyo tinaipezera soketi yake ku khonde, pa magetsi wamba. Kuletsa tiyi sikukanatheka.

Kugawa mizere kunathetsanso vuto lina lomwe amadandaula nalo, la RCD (swichi yodula magetsi akayamba kutayikira ku earth) yogwa yokha m'mawa. Kompyuta iliyonse ndi makina aliwonse okhala ndi fyuluta amataya timagetsi pang'ono ku earth ngakhale ali abwinobwino. RCD ya 30 mA imaloledwa kugwa paliponse pakati pa 15 ndi 30 mA. Nditayeza ndi mita ya kilampu, zonse zikuyaka, ndinapeza 14 mA pa RCD imodzi yomwe inanyamula chipinda chonse. Malamulo a ku Britain a kalumikizidwe ka magetsi, BS 7671, amalangiza kuti kutayika kotere kusapitirire magawo 30 pa 100 a RCD, omwe ndi 9 mA. Tsopano mzere uliwonse uli ndi RCBO yake ya mtundu wa A, yomwe ndi buleka ndi RCD pamodzi. Malamulo omwewo amati makina otaya zopitirira 3.5 mA ku earth asakhale pa pulagi wamba ya 13 A, alumikizidwe mokhazikika kapena pa pulagi ya IEC 60309. Kachipangizo kosintha ma Hz kaja kanagwera m'gulu limeneli, choncho mbali yake yolowera tinaiika pa yabuluu ya 16 A.

Kuyeza

Tinayeza zonse za nthawi zonse pa soketi iliyonse: kulumikizika kwa earth, insulation (kutchingika kwa mawaya) pa 500 V, polarity (ngati waya uliwonse uli pa malo ake), earth loop (njira yomwe magetsi amadutsa chikashota ku earth), ndi nthawi yogwera RCD, yomwe iyenera kukhala yosapitirira 300 ms pa 30 mA. Zotsatira zili pa mafomu omwe ndinasiya ku ofesi.

Chomwe ndikufuna kutchula ndi zomwe zinaoneka titazimitsa magetsi a ESCOM dala kuti tione UPS ili pa mabatire. Swichi yosinthira ku jenereta ndi ya mapolo anayi, imadula ndi neutral yomwe. Pa masekondi omwe magetsi achoka koma jenereta isanalandire, neutral ya UPS inalibe pogwira, imangoyandama. Mita inaonetsa mavolti oposa 100 pakati pa neutral ndi earth pa masoketi ofiira, ndipo batani la chipangizo changa choyezera RCD silinagwetse kanthu. Soketi yokongola, pulagi yoyenera, koma chitetezo palibe nthawi yomweyo. Tinaika thiransifoma yolekanitsa potulukira UPS, neutral yake yomangidwa ku earth, ndipo titabwereza kuyeza pa magetsi a ESCOM, pa mabatire ndi pa jenereta, RCBO zonse zinagwa mu nthawi yake.

Pomaliza penipeni ndi pomwe tinamata zolemba, zozokotedwa pa pulasitiki yolimba ndi kukhomedwa ndi masikuluwu: mavolti, ma Hz, DB yake ndi nambala ya buleka. Ma adaputa onse ndi ma ekisitenshoni a universal tinawasonkhanitsa m'katoni. Ena amafuna kupita nawo kunyumba, mayi woyang'anira anakana.

Zotsala

Sikelo yopsa inakonzeka, chinapsa ndi kathiransifoma ka mkati ndi fyuzi, ndipo inapita kokayesedwanso isanayambe ntchito. Mnyamata wa sikelo uja sanadulidwe malipiro. Tsiku lopereka ntchito ndinamuitana pamaso pa anzake, ndinamupatsa pulagi ya sikeloyo n'kumuuza kuti ayende nayo zipinda zonse, alowetse paliponse pomwe ingalowe. Anazungulira mpaka ku khonde kwa ketulo, nabwerera pa tebulo la 120 V, pomwe inalowa n'kukhoma.

Chomwe sichinathe ndi mbali ya zogulagula. Ndapempha kuti makina aliwonse atsopano, ogulidwa kapena athandizo, asatuluke m'katoni kambale kake ka kumbuyo kasanawerengedwe ndi kulembedwa mu kaundula uja, ndipo poitanitsa azinena kuti 230 V kapena 400 V, 50 Hz. Ndamva kuti kukubwera makina ena ophwanyira miyala okhala ndi VFD ya three phase, kachipangizo kosinthira liwiro la mota. Amenewo adzafuna RCD ya mtundu wa B, ndipo mu DB yomwe ilipo mwatsala malo a buleka imodzi yokha.